Mkazi Waulere wa ku Unit C

Mwana wa mlongo wanga anafunsiridwa ndi Mshona wa ku Unit C, dera lina la m'tauni mwathu. Kwathu mwini mbumba ndi malume. Nkhani inagwera ine.

Abale a mnyamatayo anabwera kwanga ku Zengeza 2 kudzafunsa za roora, malowolo amene Ashona amapereka kwa makolo a mkazi. Ndinati ife Achewa sitigulitsa mwana. Bambo anga anachoka nawo mwambo umenewu ku Malawi, ndipo anausunga mpaka kufera pa famu. Mwamuna amapita kwa mkazi n'kumanga nyumba, basi. Koma ine ndinkachita lendi chipinda chimodzi, mlongo wanganso chimodzi. Akanamanga pati? Mtsikana anapita kukakhala kwa apongozi ake.

Ndinaganiza kuti ndawachitira zabwino. M'masitolo munalibe kanthu nthawi imeneyo.

Tsiku lina mtsikanayo anabwera kwanga ataonda. Chichewa ankamva, koma ankayankha m'Chishona. Ine ankanditchula sekuru, kutanthauza malume.

"Sekuru, akunditchula mkazi waulere. Akuti ndinangotoledwa. Landiraniko kanthu."

"Iwe si katundu," ndinatero.

"Katundu amasamalidwa, sekuru."

Ndinamuperekeza mpaka pamsewu.

Kenako kunabwera kolera. Mipope inauma, zonyansa za m'zimbudzi zinkayenda m'misewu, anthu ankamwa madzi a m'zitsime za kuseri kwa nyumba. Wotunga ndi wochapa pakhomo pa apongozi paja anali mtsikanayo. Anayamba kutsegula m'mimba m'mawa. Mwamuna wake anali ku Joni kokaoda katundu.

Apongozi anachita mantha. Kwa iwo, mkazi wosalowoledwa akafera m'nyumba mwako, mzimu wake umasanduka chimene amachitcha ngozi, mzimu wobwezera pa banja lonse. Abale akenso amakana kuika maliro mpaka ulipire. Malo olandirira odwala kolera sanali kutali. Sanapite naye. Anamugoneka pa ngolo yokankha, yonyamulira nkhuni, namubweza kwa eni ake. Dzuwa linali likuswa mtengo.

Ine ndinali pa mzere wa ufa. Pobwera ndinapeza ngolo pakhomo, wokankha atathawa. Mlongo wanga ankamumwetsa madzi a mchere ndi sipuni. Shuga tinalibe. Maso anali atalowa m'kati. Ndinakankha ngoloyo kubwerera njira yomweyo imene anadzera, kulowera kumalo a odwala kolera. Anatsirizika tisanafike.

Maliro a kolera sasambitsa. Anamukulunga m'pulasitiki. Mayi ake sanaone nkhope.

Tili pa siwa, abale a mwamuna anafika. Mkulu wawo anagwada.

"Baba, tchulani roora tsopano, tilipire asanalowe m'manda."

Oyandikana nane nyumba anandikokera pambali. Anati nditchule zambiri, ndiwo mwambo wa kuno. Ndinafunsa mlongo wanga.

"Achimwene, mwini mbumba ndinu," anatero, osandiyang'ana.

Ndinakana. Tinaika maliro tsiku lomwelo.

Mwamuna uja anakwatira wina, analowola bwinobwino, mwa pang'onopang'ono. Ndikumva kuti ameneyo akadwala amathamanga naye ku chipatala.

Koma kukana kwanga sikunawamasule. Mwana akatentha thupi kwawoko, kapena wina akachotsedwa ntchito, amati ndi mtsikana uja. Amabwera kwanga, mkulu uja patsogolo, wakalamba tsopano ngati ine. Ndimawapatsa mpando ndi madzi akumwa. Amapempha kuti nditchule mtengo, nkhani ithe. Akatopa, amanyamuka.

Mtengowo sindiudziwa.