Dzina Limene Mayi Makiyi Sanatseke

Amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi anga, agwira ntchito zaka makumi awiri ndi ziwiri pa kampani ina yogulitsa mankhwala a ziweto. Ndawafunsa kawiri za zakazi kuti ndisalakwitse. Kuntchitoko amawatchula kuti Mayi Makiyi, ndipo ambiri olowa kumene sadziwa n'komwe kuti ali ndi dzina lina.

Anayamba ndi kutayipa makalata. Patapita zaka zitatu anawapatsa kabati ya makiyi a maofesi onse, kiyi aliyense pa msomali wake, ndi buku losainamo wotenga. Makompyuta atabwera, a manijala a nthawi imeneyo anati munthu amene sanatayepo kiyi ndi amene asunge makiyi atsopanowo. Anawatumiza kukaphunzira miyezi isanu ndi umodzi. Kuyambira pamenepo ntchito yawo ndi kutsegulira ndi kutsekera anthu mu kompyuta ya kampani.

Mmene anandifotokozera, zimayenda chonchi. Munthu akalembedwa ntchito amamupatsa dzina lolowera, pasiwedi ndi khadi lotsegulira zitseko. Koma saona zonse ayi. Dalaivala amaona maulendo ake okha. Wolandira alendo sangatsegule mafayilo a antchito. Munthu akasamutsidwa, zakale amamutsekera tsiku lomwelo, ndipo wosiya ntchito amatsekeredwa, mwa mawu awo, "asanafike pageti". Miyezi itatu iliyonse amasindikiza mayina onse n'kupita nawo kwa a manijala kuti aone ngati pali wina wosayenera.

Sakondera. Tsiku lina a manijala anafuna kuti amayi aang'ono awatsegulire zonse.

"Mayi Makiyi, mwaiwala kuti bwana wanu ndine?"

"Sindinaiwale, bwana. N'chifukwa chake ndakupatsani khomo la abwana. Enawo ali ndi eni ake."

Ngakhale ine, nditakhala kwawo chaka chathunthu, pasiwedi ya intaneti ya pakhomo ankandilembera okha pafoni, ine nditayang'ana kukhoma.

Amuna awo, abambo aang'ono, anali kapitawo wa nyumba yosungira katundu pa kampani yomweyo. Dzina lawo mu kompyuta linali ndi mphamvu imene anthu awo anayi analibe. Mankhwala akadutsa tsiku lake, kapena akakayikitsa, kompyuta imawatsekera kuti asatuluke, ndipo kapitawo yekha ndi amene ankatha kuwamasula. Atayamba kudwala anapatsa anthu awowo pasiwedi yawo kuti magalimoto asamaime. Wina anailemba pa kapepala n'kumata pansi pa kiyibodi. Anadwala milungu itatu, n'kutisiya.

Maliro atatha, fomu yotsekera dzina lawo inafika patebulo pa amayi aang'ono. Anaiika mu dirowa, pansi pa mafayilo. Kampani inachedwa kulemba kapitawo wina, ndiye anthu anayi aja anapitiriza kulowera pa dzina la malemu. Posindikiza mayina a miyezi itatu, amayi aang'ono ankachotsapo mzere umodziwo. Anatero zaka ziwiri.

Ndinawafunsa chifukwa chake, ndipo ndilemba mmene anayankhira. Pa kompyuta yawo, munthu akalowa, pambali pa dzina lake pamayaka kadontho kobiriwira. "Hafu seveni iliyonse kankayaka," anatero. "Ndinkadziwa kuti si iwo, mwanawe, sindine wamisala. Koma kankayaka."

Kenako wina anamasula makatoni khumi ndi awiri a dibi wotha mphamvu, ndipo makatoniwo anapita kusitolo ina. Mlimi amene anagula anabwera yekha kudzadandaula kuti nkhupakupa sizikufa. A manijala anafunsa amayi aang'ono kuti zinachitikira pa kompyuta iti. Iwo anayankha zimene anafunsidwazo basi: kompyuta ya pakhomo pa nyumba yosungira katundu, imene amakhalapo kalaliki wina amene onse amamutchula kuti Wamtali. Za dzina lolowera sanafunsidwe, ndipo sananene. Wamtali anamuimitsa ntchito, n'kumuuza kuti abwere Lachinayi mlandu wake udzakambidwe.

Lachitatu masana anafika pa ofesi yawo. Khadi lake anali atalitseka okha, choncho mlonda ndi amene anamuperekeza. Anaima pakhomo atawerama pang'ono, monga amachitira pa chitseko chilichonse.

"Lowani, achimwene, mungandigwetsere felemu."

"Ayi mayi, ndingoima. Olo mpando ungandikane, poti khadi langa munalipha."

"Ndi ntchito."

"Ndikudziwa. Ndangobwera kudzanena kuti tsiku lija ndinali panja, ndikutsitsa katundu. Ndipo inu mukudziwa kuti tonse anayi timalowera pa a Kapitawo."

Kenako Wamtali anawonjezera:

"Musade nkhawa, mawa sindikutchulani. A Kapitawo ndi amene ananditola ndili wonyamula makatoni. Kungoti akazi anga sindinawauze. M'mawa ndikumavala, n'kumakakhala pa benchi ya kudepoti mpaka faifi."

Atachoka, iwo anatsegula mbiri ya zitseko. Khadi la Wamtali linatuluka nthawi itangodutsa teni koloko, n'kulowanso cha m'ma leveni. Mankhwala anamasulidwa hafu teni. Umboni unalipo, koma tsamba losonyeza nthawiyo linkasonyezanso dzina la womasula. Akanatha kudulapo dzinalo monga ankachitira ndi mayina aja. Akuti anafika potenga sizasi. Koma anaona kuti podula dzinalo funso likhalabe, ndipo aliyense amene angamuloze pa atatu otsalawo adzakhala wongomunamizira. Ankadziwanso kuti wosunga makiyi akapezeka atabisa khomo lotsegula, kawirikawiri amachotsedwa ntchito.

Lachinayi analowa m'chipinda cha misonkhano asanaitanidwe. Munali a manijala, mayi woona za antchito, ndi Wamtali atavala tayi. Anaika patebulo mapepala awiri osadula, ndi fomu ija, itachita chikasu m'mphepete.

A manijala anawerenga, n'kuvula magalasi.

"Mayi Makiyi, munthu uyu tinakamuika tonse. Akugwirabe ntchito?"

"Sanajombepo, bwana."

Palibe anaseka.

"Fomu yake ndi iyo," anapitiriza. "Sindinatseke, ndipo dzinalo ndinkalichotsa pa mayina amene ndinkakupatsani. Anthu anayi amalowera pamenepo. Amene anamasula mankhwala sindingamudziwe, chifukwa ine ndi amene ndinachititsa kuti asadziwike. Chimene ndikudziwa n'chakuti achimwene awa anali panja."

"Mukudziwa kuti mwadzitengera mlandu?"

"Ndikudziwa. Ndi wanga kale."

Mayi woona za antchito anafunsa chifukwa chake. Amayi aang'ono akuti anangoti, "Anali amuna anga," ndipo sanawafunsenso.

Wamtali anabwerera pantchito Lolemba. Amene anamasula makatoni aja sanadziwike mpaka lero. Ndamva mayina awiri, koma sindingalembe zongomva. Amayi aang'ono anadikira milungu iwiri kuti amve za iwo. Sanawachotse. Anawapatsa kalata ya chenjezo lomaliza, yoyamba pa zaka zonsezo, ndipo anawalanda mbali ina ya ntchito: tsopano mayina a miyezi itatu amasindikiza munthu wina, ndipo fomu yotsekera imasainidwa ndi anthu awiri. Iwo amati zimenezi zinayenera kukhala choncho kuyambira kale, ndipo kalatayo amaisunga mu dirowa momwe munali fomu muja.

Dzinalo analitseka Lachinayi lomwelo, msonkhano utangotha. A manijala anafuna kuti atseke wina, koma iwo anapempha kuti atseke okha. Wamtali anaima kumbuyo kwawo ngati mboni. Kompyuta inafunsa ngati akutsimikiza, monga imafunsira pa dzina lililonse. Anadina. Kenako anapita kosungira katundu, n'kukamatula kapepala kaja pansi pa kiyibodi, n'kupatsa aliyense mwa anayiwo mphamvu zolingana ndi ntchito yake. Yomasula mankhwala anaisiya kwa a manijala mpaka atalembedwa kapitawo wina.

Lolemba lija Wamtali anafika pakhomo pa ofesi yawo nthawi isanakwane eyiti.

"Mayi, pasiwedi yanga ndaiwala. Zaka ziwiri osaigwira."

"Khalani pansi ndikupatseni ina. Mukakaimata pansi pa kiyibodi, ndikakudulani miyendoyo mufanane ndi anzanu."

Anasankha yatsopano atabisa ndi dzanja, iwo atayang'ana kukhoma. Patapita mphindi zochepa kadontho kanayaka pambali pa dzina lake. Amayi aang'ono anakayang'ana pang'ono, kenako anatenga fomu yotsatira.