Kumene Alvina Amathyola Saskatuni

Sikisi koloko m'mawa inakwana Alvina atatsuka kale mabotolo khumi ndi awiri, atatsamira pasinki, ndodo yake ili pakhoma. Mabotolowo anali oikamo saskatuni, tizipatso takuda ta kutchire, koma m'nyumbamo munalibe ngakhale kachipatso kamodzi.

Kwa zaka makumi anayi, Julaye akafika, mwezi wotentha kuno, mayiyu sankapezeka pakhomo. Ankanyamuka mame asanakamuke, chidebe atamangirira m'chiuno kuti manja onse awiri azithyola, n'kubwerako zala zili bii. Kenako ankakhala pakhonde kuchotsa timitengo, masamba ndi tizipatso tofota. Zina ankayanika, zina ankaphika n'kutsekera m'mabotolo. Pamaliro, kapena kwa okalamba osatha kuyenda, mbale ya saskatuni inkangopezeka patebulo. Anthu ankadya n'kumayamikira mvula ya chakacho.

Kumene ankathyola sankaulula. Kuno palibe amaulula. Ukafunsa, munthu amangoloza ndi mlomo chakumpoto n'kuseka. Malowo anamusonyeza ndi apongozi ake aakazi, patatha zaka zisanu chikwatiwire, atakhutira kuti mtsikanayu sathyola nthambi.

Koma chaka chino Alvina anaterereka pamadzi oundana mu Malichi n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Chinalinso chaka cha phwando lachinayi, lomaliza, lokumbukira malemu mwamuna wake, Wilfred, ndipo phwando lotere silichitika popanda zipatso. Mitengo itatu ya saskatuni ya kuseri kwa nyumba, imene Wilfred anazula kutchire n'kudzabzala, mbalame zinaimaliza m'masiku awiri Alvina akuonerera pawindo. Mwana wake wa kutauni anati agula za m'sitolo.

"Bambo ako sankazidya zimenezo," Alvina anayankha pafoni.

Chitseko chinatseguka popanda odi. Anali Bernice wa nyumba yoyandikana, atanyamula mkate wokazinga m'mbale.

"Mwadzuka bwanji, achemwali? Mabotolo onsewa mukuti muikamo mphepo?"

"Khalani pansi, pakamwa panupo papumeko."

"Tangonenani malowo, inu. Mukufuna mukawaulule kumanda? Chaka chija ndinakulondolani mpaka pamlatho, munandizunguliza m'dambo tsiku lonse, udzudzu n'kundimaliza."

"Udzudzuwo unadya bwino tsiku limenelo. Mpaka lero umakufunsani."

Bernice anaseka mpaka kutsokomola, n'kudzithirira tiyi.

Alvina anamuyang'ana akumwa. Bernice sasunga mawu: akamva lero, pofika Lamlungu galimoto zidzakhala zitandandalika kukhwawa kumene iye amathyola, ana akukoka nthambi mpaka kuzikhadzula. Malowo sadzakhalanso ake. Koma dzuwa linali litaotcha sabata yonse, ndipo iye ankadziwa kuti pakangopita masiku atatu zipatsozo ziumira kumtengo, alendo a Wilfred n'kudzapeza mbale zopanda kanthu.

Anapukuta botolo lomaliza, n'kulivundikira pansalu pambali pa anzake.

"Galimoto yanu ija ikuyenda?"

Bernice anaika kapu pansi. Sanasekenso.

"Zidebe zili pakhondepo, mutenge zonse zinayi," anatero Alvina. "Ine ndikakhala pachitsa, inu mukathyola, ndipo mukathyola mmene ndikakuuzireni. Fodya woti tikaike pansi pothokoza nthaka tisanayambe ali m'kabati yapamwambayo, ine sindifikira. Munditsitsire, kenako mundigwire mkono potsika masitepewa."