Ndalama za Napolo

Ndikukumbukira chaka chimene napolo anatsika m'phiri n'kudutsa m'munda mwa amayi. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Chimanga chinali chitamasula kale, koma madzi ataphwera tinangopeza mchenga wokhawokha, woyera mbee, ndi miyala ikuluikulu ngati ng'ombe zogona. Ine, ndi uchitsiru wa ubwana, malowo ndinawakonda. Ndinkagona chagada pamwala wofunda n'kumaonerera nkhungu ikukwawa m'phiri la Mulanje mpaka kuiwala kuti m'mimba mukulira.

Patapita miyezi kunamveka kuti boma lipereka ndalama kwa alimi amene minda yawo inakokoloka. Iii, maloto ake! Ndili pamwala pomwepo ndinavala nsapato zofiira, ndinamwa tiyi wamkaka ndi mabanzi, ndinakwera minibasi mpaka ku Blantyre.

Koma ndalamazo zinalowa mu foni ya ababa, poti a boma anati iwo ndiwo mutu wa banja. Apa m'pamene panagona nkhani. Kwathu munda ndi wa mkazi, mwamuna amangobwera kudzakhala kuchikamwini. Ababa kwawo kunali kutsidya, ku Mozambiki, ndipo kokatapa ndalamazo kunali ku Limbuli, pafupi ndi malire penipeni.

Ababa atangonyamuka panjinga, amalume, alongo awo a amayi, anafika pakhomo.

"Achemwali, mwawalola alamuwa apite okha? Munda wapita, ndalama zili m'thumba mwawo. Chowabweza kuno n'chiyani? Mkamwini ndi mlendo."

Amayi anangopitiriza kusesa pabwalo pomwe anali atasesa kale.

Nsapato zinandichoka m'mutu nthawi yomweyo. Ndinachita mantha, mantha enieni, oti basi ababa sindidzawaonanso. Ndinakakhala m'mbali mwa msewu, pamene pamayambira minda ya tiyi. Kunkawaza kamvula ka chiperoni, anthu ankatulukira m'nkhungu ngati akuyandama, ndipo aliyense wapanjinga ankaoneka ngati ababa mpaka atayandikira.

Dzuwa litapendeka ndinaona chitsamba chikubwera pamsewu. Chitsamba chopalasa njinga! Masamba akugwedera uku ndi uku, koma pansi pake panali mapazi amene ndinkawadziwa, ong'aluka zidendene. Ndinathamanga ndikulira. Pakaliyala anamangapo thumba la ufa, pamwamba pake dengu lodzaza mbande za mapeyala, mango ndi mibawa.

"Nanga nsapato zanga?" ndinafunsa misozi isanaume n'komwe. Mwana alibe manyazi.

"Kankha njinga, iwe," anatero ababa.

Titafika kunyumba amalume anagwira pakamwa.

"Alamu, mutu ukuyenda bwino? Mkamwini amabzala mitengo pamalo a eni? Mawa banja likatha mudzaizula?"

Ababa sanali munthu wa mawu ambiri, ndipo Chichewa chawo chinkapendekera ku Chilomwe.

"Mizu ikagwira dothi, madzi sadzalitenganso," anatero akumasula zingwe. "Mapeyalawa ndidzadya ndine ndemwe. Ndipita kuti?"

M'mawa mwake anayamba kukumba maenje m'mbali mwa mtsinje, kuchotsa mchenga mpaka atapeza dothi lakuda. Amayi anasenza ndowa n'kumathirira pambuyo pawo uku akung'ung'udza kanyimbo ka kutchalitchi. Ine ndinatupa masaya sabata yonse chifukwa cha nsapato, ndipo palibe anandinyengerera.

Lero ndakula, ndamvetsa chifukwa chimene akamwini ambiri amangobzala chimanga. Chimanga umakolola chaka chomwecho, ukafuna kuchoka n'kuchoka. Peyala limafuna munthu woti adikire zaka pamalo amodzi. Ababa sanalumbire pamaso pa munthu kuti sadzatisiya, anangokumba maenje, ndipo amayi anamva.

Mpaka pano ababa ali pakhomo pomwepo, imvi zili mbuu. Mapeyala akakhwima amalume amabwera ndi kathumba, n'kuima kaye panja.

"Odi kuno, eni mitengo!"