Bwalo limene a Orrin anabisa

A Orrin Tillotson anabadwira pafamu imene akukhalapo mpaka lero, kuno ku Wyoming, ndipo ng'ombe amazidziwa kuposa anthu. Ine ndimayandikana nawo, ndiye khalidwe lawo ndikulidziwa bwino: munthu wopatsa, koma mawu ochita kuwakoka pakamwa. Gulu lathu loteteza nkhwali za m'tchire la zitsamba zotchedwa seji litayamba, iwo analowa nawo poyambirira. Kumsonkhano sankajomba, ngakhale ankangokhala kumbuyo, chipewa chili pabondo.

Nkhwalizi zili ndi mabwalo awo. Chipale chofewa cha m'nyengo yozizira chikayamba kusungunuka, atambala amasonkhana pamalo omwewo chaka ndi chaka, n'kumavina m'mamawa atafufumitsa zifuwa kuti akope zazikazi. Magulu onse a m'chigwa chino tinapangana kuti wodziwa bwalo aziuza anzake, kuti pasamangidwe kanthu pafupi.

A Orrin anali ndi bwalo lalikulu kumalire a famu yawo, koma sanauze munthu. Ankaopa kuti boma likamva liwaletsa kudyetsa ng'ombe kumeneko. Mantha amenewo tonse tinali nawo, kungoti iwo anakhala nawo nthawi yaitali.

Kenako gulu la kutsidya kwa mtsinje linaganiza zotchinga dambo ndi mpanda wawaya waminga, kuti ng'ombe zisamapondeponde udzu umene anapiye a nkhwali amasakamo tizilombo. Mtsogoleri wawo, mayi Lupe Arrieta, anabwera kumsonkhano wathu kudzafunsa kaye.

"Kufupi ndi damboli kuli bwalo? Ngati lilipo, mpanda tiudutsitsa kwina. A Orrin, inu ndiye muli pafupi, simunaoneko?"

"Ine ndimangoona ng'ombe basi."

"Ndi magalasi amenewo, ng'ombezo mumazionadi, akulu?" anatero wina, ndipo tonse tinaseka.

Mpanda unamangidwa. Nkhwali zimaulukira m'munsi kukadali mbuu, ndiye waya sizimuona. Nyengo yovina itafika, a Orrin anayamba kupeza nthenga zili pawaya, mitembo ili pansi. M'malo mokanena, anang'amba malaya akale n'kumamangirira nsanza pampandapo mobisa, kuti mbalame ziziuona. Koma mpandawo ndi wautali, ndipo mphepo ya kuno sichedwa kuthothola nsanza.

Tsiku la msonkhano wa magulu onse a Orrin anafika mochedwa atanyamula thumba la chakudya cha ng'ombe. Sanapite kumbuyo. Analikhuthula patebulo, ndipo munatuluka mapiko okhaokha. Makutu awo anali atafiira. Ine ndinachita manyazi ngati ndaulula ndine, mpaka ndinayang'ana pansi.

"Mayi Lupe, mpanda uja wadutsa panjira ya nkhwali. Bwalo lilipo. Ndakhala ndikulionerera kuyambira ndili mwana."

"Koma ndinakufunsani, a Orrin. Pamaso pa anthu onsewa."

"Munandifunsa, mayi."

"Anthu anga anathera masabata awo pamenepo, akuti akuthandiza mbalame. Ndikawauze kuti chiyani?"

Bola mayiyo akanakalipa, mwina a Orrin zikanawapepukira, koma mayiyo anangotola phiko limodzi n'kulitembenuza m'manja.

"Chabwino, mawa tikazula chigawo chimenecho. Pabwalopo zatsala zingati?"

"Tambala mmodzi," anatero a Orrin chapansipansi. "Akuvinabe m'mawa uliwonse, koma palibe yaikazi ikubwera."