Ukonde wa M'khoma

Ku Port Herald kuli mkulu wina womata nyumba, wosachulutsa mawu. Pamene zipupa ziwiri za bango zakumana, iwo sathamangira dothi. Amayamba ayalapo chidutswa cha ukonde wakutha kuti chigwire mpatawo, kenaka nkumata pamwamba. Akalaliki a ku Boma amafuna mapepala, ati pamasalala bwino. Mkuluyo amangopukusa mutu: "Pepala ndi la chilimwe. Ukonde ndiwo udziwa madzi."

Chaka china Shire atasefukira, khoma la Esinala, mayi wamasiye, linang'aluka pangodya, mphepo nkumaomba ana. Mkuluyo anapempha ukonde. M'nyumbamo munali umodzi wokha, wa mwamuna wa Esinala amene anapita ndi mtsinje.

"Baba, chanditsalira nchokhachi," anatero Esinala. "Matani ndi pepala."

Mkuluyo anayang'ana anawo nthawi yaitali.

"Mai, ndimata. Koma dzinja likafika, pang'alukanso. Mwini ukondewu akanalola ana ake kugona pamphepo?"

Esinala anatenga mpeni, nadula ukondewo yekha.

Ngodya imeneyo sinang'alukenso. Mpaka lero, Esinala amayala mphasa yake pomwepo, msana atatsamira khomalo.