Mai Kasuba, Wosunga Mzere wa Miyala

Mai Petronella Kasuba anabadwira ku Mansa, ndipo anafika mu Lusaka ali mtsikana, atakwatiwa ndi bambo wina wokonza mawotchi amene tsopano anatisiya. Amakhala ku Chilenje. Kwa zaka makumi awiri akhala akugulitsa vitumbuwa ndi mazira owiritsa pansi pa mtengo wa jakaranda, kunja kwa ofesi ina ya boma pakati pa tawuni, kumene okalamba amadzatsata mapepala a penshoni. Dzina la ofesiyo sinditchula, pakuti ndimadyera pakhomo pake. Tebulo langa lolembera anthu makalata lili pafupi ndi beseni lawo, choncho zimene ndifotokoze pano ndinaziona ndi maso anga.

Ntchito yawo yeniyeni, imene palibe amene anawalemba, inali yosunga mzere. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri sangaime padzuwa kuyambira m'mawa mpaka masana. Chotero mwambo wa pamalopo unali wakuti wofika aliyense amaika chinthu pansi, kumbuyo kwa chinthu cha mnzake, n'kukakhala pamthunzi. Ambiri ankaika mwala. Ena ankaika botolo, ambulera, kapenanso nsapato imodzi, inayo n'kutsala kuphazi. Mai Kasuba ankayang'ana kamodzi kokha, n'kusunga m'mutu chinthu ndi mwini wake. Mlonda akatsegula chitseko, iwo ndiwo ankaitana: "Ba Chisenga, mwala wanu wafika!"

Chaka chatha ofesi inalandira makina a manambala. Munthu amadina pagalasi, makinawo n'kulavula kapepala, ndipo nambala yake imadzaoneka pa kanema wa pakhoma m'holo. Holoyo ili ndi mipando isanu ndi umodzi ndi zenera limodzi lothandizira anthu. Masiku atatu oyamba okalamba anamvera: anatenga timapepala, n'kupita pamthunzi monga mwa masiku onse, manambala awo n'kumadutsa mkatimo iwo osadziwa. A Chisenga, amene anali mphunzitsi wamkulu ku Kabwata, anadutsidwa katatu tsiku limodzi. Tsiku lachinayi miyala inabwerera, koma tsopano mzere wake unkalunjika ku makinawo. Munthu ankadina galasi pokhapokha mwala wake utafika, ndipo ankalowa nthawi yomweyo.

Makinawo, pokhala osadziwa za kunja, analembera akuluakulu kuti munthu aliyense akudikira mphindi ziwiri basi. Mkulu wa ofesi, bambo Kabwe, anakondwera kwambiri, ndipo anatulutsa kalata yakuti popeza mzere watha, ogulitsa zakudya pakhomopo achoke pofika kumapeto kwa mwezi. Kalatayo ndinawawerengera Mai Kasuba kawiri, kachiwiriko pang'onopang'ono.

"Mzele watha?" anandifunsa. "Nanga iyi miyala ni ya ndani? Ni alendo?"

Anaseka, koma tsiku limenelo anapsereza vitumbuwa, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Mtengo uja ndiwo unali munda wawo.

Lolemba lotsatira kunabwera anthu awiri ochokera ku kampani ina ya ku Kabulonga, a Anita Besa ndi a Clive Kalenga. Ntchito yawo ndi yokhala ndi anthu ogwiritsa ntchito zipangizo za boma, kuona mmene akuvutikira, n'kukonza zipangizozo kuti zigwirizane ndi anthuwo. A Anita anali atakayikira za mphindi ziwirizo. A Clive, munthu waulemu ndi waukhondo, anaona miyala, mabotolo ndi nsapato zopanda zinzake zitandandalikana pakhomo pa ofesi ya okalamba, ndipo mtima unawawawa. Mai Kasuba anali atapita ku mpopi kukatunga madzi. A Clive anapempha katoni kwa mlonda, n'kutolera zonse mosamala, kuti agogo ena angapunthwe.

Phokoso limene linabuka sindingathe kulilemba lonse m'mawu oyenera.

"Iwe mwana! Wanichotsa pa nambala folo!" anakuwa a Chisenga, ndodo ili m'mwamba.

"Nsapato yanga mupeleka kuti?" anatero mayi wina wa ku Chelstone, akudumphira mwendo umodzi.

"Pepani ba tata, nenze kungosesa chabe," anatero a Clive, katoni ili pachifuwa ngati khanda la eni ake.

"Kusesa? Wasesa anthu, mwana wanga!"

Mai Kasuba anafika, natula chigubu, nalandira katoniyo. Anagwada n'kuyamba kuyala zinthuzo chimodzichimodzi, akutchula mwini wake, mpaka zinakwana makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Mmodzi yekha ndiye anatsutsa, bambo wina wa jekete lakuda amene anati mwala wa patsogolo unali wake.

"Ba Meshack," anatero Mai Kasuba osadzutsa mutu, "wanu ni uja wa simenti, munabwela pambuyo pa ambulela. Musaname, ndimwe dikoni."

A Meshack anakhala pansi n'kuyamba kupukuta magalasi awo.

A Anita anali chilili, kope lili m'manja. Kenako anagwada pambali pa beseni n'kufunsa kuti, "Ba mayo, tingankhale na imwe sabata ino, tiphunzile?"

"Nkhalani. Koma uyu wosesa mumuike kutali na miyala."

M'malo mwa sabata imodzi anakhala sabata ziwiri, ndipo anayesa njira zingapo. Poyamba anapempha okalamba kuti atengeretu timapepala, n'kumangirira chokuzira mawu panthambi ya jakaranda. Chinalankhula bwino lomwe kuti, "Nambala twelofu." Palibe amene anadzuka. Ena magalasi anali atasiya kunyumba ndipo sankatha kuwerenga kapepala kawo, ena makutu anali atatopa, koma a Chisenga, amene anali ndi nambala twelofu m'manja, anamva bwinobwino.

"Nanga simupita, ba tata?" anafunsa a Clive.

"Kanthu kosapeleka moni, kosadziwa dzina langa, kaniitane ngati mkaidi? Naphunzitsa zaka sate-faifi, ine."

Anayesanso kutumiza uthenga pa foni. Zinapezeka kuti mafoni ambiri anali kunyumba ndi adzukulu, ndipo mdzukulu wina wa ku Lilayi anayankha uthengawo kuti, "Agogo kulibe, apita ku penshoni."

Njira yachitatu inachokera kwa Mai Kasuba eni ake, amene anali atatopa ndi kuonerera. Anati makinawo atuluke m'holo abwere pamthunzi, munthu azidina akangofika, ndipo iwo apatsidwe kanthu koonetsa nambala imene yafika, aziitana mwini wake ndi dzina. A Clive anakoka waya wautali kudzera pazenera, a Anita anabweretsa foni yaikulu ngati mbale. Tsiku limenelo palibe amene anadutsidwa, ndipo mayi wa ku Chelstone anadikira atavala nsapato zonse ziwiri.

Vuto linali lakuti makinawo tsopano anayamba kunena zoona: munthu amadikira maola atatu ndi mphindi makumi awiri. Bambo Kabwe anatuluka okha, pepala lili m'manja, masiku awiri mwezi usanathe.

"Mwaononga makina," anauza a Anita. "Mwezi watha zinali mphindi ziwiri."

"Makina ali bwino, bwana. Kale anali kuwelenga kuchokela pa mwala kufika pa kauntala. Manje awelenga kuchokela pamene munthu watsika minibasi."

Bambo Kabwe anayang'ana okalamba makumi anayi amene anali kuwayang'ananso mwachidwi. Anafunsa kuti mayi wa beseniyo akachoka, adzaitana mayina ndani.

"Ndimwe, bwana," anatero Mai Kasuba mwaulemu. "Nizamuphunzitsani. Ba Meshack muziwayang'anitsitsa."

Tsiku lomaliza la mwezi kunabwera kalata yachiwiri. Inati zenera lachiwiri lothandizira anthu litsegulidwa, kalata yoyamba ija yafafanizidwa, ndipo Mai Kasuba akupemphedwa kukhala wolandira anthu, ndi mpando wawo m'holo ndi yunifolomu ya buluu. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandiuza kuti nditenge pepala labwino.

Yankho lawo ndinalilemba motere: kuti akuthokoza kwambiri ulemu umene apatsidwa; kuti ntchitoyo aivomera, koma mpando wa m'holo upatsidwe kwa wodwala miyendo, pakuti iwo atsala pamtengo; kuti benchi ya pamthunzi italikitsidwe; ndiponso kuti foni yaikuluyo ikutidwe ndi pulasitiki, chifukwa zala zawo n'za mafuta ndipo kukazinga sasiya. Bambo Kabwe anavomera zonse, kupatula za yunifolomu, zimene akukambiranabe mpaka lero.