Baji ija inagwera mu supu

Bambo a Asiyatu, lero ndapeza baji yanu ya chipani ija pansi pa sutikesi, mkwiyo wanga wadzukanso. Mukukumbukira sitima ya pamadzi ija tinakwera ku Monkey Bay? Chibadwire ndinali ndisanakhalepo m'chipinda chodyera mabwana. Asiyatu, kakhanda kosadziwa kanthu, kanazula bajiyo pajekete lanu n'kuiponya mu supu, nkhope ya mtsogoleri n'kumira. Anthu onse maso pa ife! Inu munaivuula ndi zala, n'kundinong'oneza kuti, "Mayi, nyamukani, tingakathere kundende." Chambo changa ndinachisiya osalawa n'komwe.

Munalonjeza kuti tidzabwereranso mwanayo akadzakula. Asiyatu pano wamera imvi, bambo, inu munapita osatsanzika. Ndiye chambo changa chija ndikadye ndi ndani?